Kasungidwe ka Adiventi kuno ku Britain, kwa inu amene mdima wa Disembala ukukusokonezani

Chaka ndi chaka, Novembala akamapita kumapeto, funso limabwera lomwelomwelo. Ena amandifunsa panja pa tchalitchi tikuweruka, ena amalemba pa WhatsApp usiku ali pa buleki kuntchito: "Kodi Adiventi kuno mumasunga bwanji? M'mashopu Khirisimasi yafika kale, koma ine mumtima muli zii." Ofunsa ambiri ndi obwera kumene: anamwino, osamalira okalamba, ophunzira, ndi makolo amene ana awo angoyamba sukulu kuno. Pakamwa ndayankha mokwanira, tsono ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Ndikulemba ngati Mkatolika. Koma a Anglican, a CCAP amene mumapemphera ku Church of Scotland kapena ku United Reformed Church, ndi nonse amene mumakumbukira kubadwa kwa Ambuye pa 25 Disembala, zambiri pano zikukhudzani. Ngati muli ndi nthawi yowerenga mfundo imodzi yokha, pitani pa nambala 5. Zina zonsezi n'zothandizira chabe.

1. Pezani tsiku loyamba, mulilembe pa rota, ndandanda wa masiku anu a ntchito

Adiventi, nyengo yokonzekera kubwera kwa Ambuye Khirisimasi isanafike, siyamba pa 1 Disembala, ngakhale makalendala a chokoleti amene ana amalirira m'mashopu amayamba tsiku limenelo. Imayamba Lamulungu lachinayi mukawerenga chobwerera kuchokera pa Khirisimasi, ndipo tsikulo limagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Mu 2026 ndi pa 29 Novembala, mu 2027 ndi pa 28 Novembala. Imatha madzulo a pa 24 Disembala. Chaka chimene Khirisimasi yagwa Lolemba, monga 2028, nyengoyi imafupika kufika masiku 22 okha, Lamulungu lachinayi n'kukhala pa 24 pomwepo. Ikatalikitsitsa imafika masiku 28.

Ogwira ntchito ya mashifiti, pemphani masiku anu rota ya Disembala isanatuluke, chifukwa ikatuluka aliyense amakakamira zake. Ngati Lamulungu muli kuntchito, Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa ya Lamulungu. Ndipo konzeranitu mayendedwe a tsiku la Khirisimasi lenilenilo. Sitima siziyenda, ku London ngakhale mabasi ndi sitima zapansi zimaima. Obwera kumene ambiri amadziwira zimenezi pa siteji, atavala kale zakutchalitchi.

2. Sankhani nthawi imodzi patsiku, ikhale yaifupi

Kwathu Disembala ndi mwezi wowala. Dzuwa limakhala pafupifupi maola 13, mvula yagwa, chimanga chamera, anthu ali kalikiliki ndi kupalira. Kuno ndi zina. Cha pa 21 Disembala, ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo usana wonse sukwana maola 8. Ku Glasgow ndi ku Edinburgh ndi maola 7 basi. Munthu umapita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima.

Mdima umenewu musalimbane nawo, ugwiritseni ntchito. Mapemphero ambiri a nyengoyi anakhazikika kumaiko ozizira ano, ndipo mawu a Yesaya onena za anthu oyenda mumdima amene aona kuwala kwakukulu amamveka mwina ukamawawerenga zenera lili bii nthawi ya 4 koloko masana. Sankhani nthawi imene banja lonse limapezeka, kawirikawiri chakudya chamadzulo chisanafike patebulo. Wa shifiti ya usiku achite asananyamuke. Mphindi 10 kapena 15 zikwana.

Cholakwika chofala ndi kulonjeza zazikulu. Munthu amayamba ndi ola lathunthu, kolona yonse ndi mitu itatu ya Baibulo, pofika Lachinayi watopa, n'kusiyiratu. Mukaphonya tsiku, musabweze ngongole mawa lake. Ingopitirirani pamene tsikulo lafika.

3. Pangani nkhata ya Adiventi

Nkhata imeneyi ndi ya masamba obiriwira, yokhala ndi makandulo anayi. Mwambowu unachokera ku Germany. Mu 1839 m'busa wa mpingo wa Lutheran, Johann Hinrich Wichern, amene ankasunga ana osauka pa nyumba yotchedwa Rauhes Haus ku Hamburg, anaika makandulo pa gudumu la ngolo kuti anawo aziwerengera okha masiku otsala. Ang'onoang'ono anali a masiku wamba, anayi akuluakulu a Lamulungu. Ndi anayiwo amene anatsala mpaka lero.

Simufunika kugula yodula. Tengani mbale yaikulu yafulati, muikepo makandulo anayi m'zoikamo zolimba, muzungulize timasamba ta mitengo imene siyoyola nthawi yozizira. Ogulitsa mitengo ya Khirisimasi amakhala ndi nthambi zodulira zimene amataya, kupempha sikulakwa. Akatolika ndi a Anglican ambiri amaika makandulo atatu apepo ndi imodzi yapinki, ena amawonjezera yoyera pakati yoyatsa pa Khirisimasi. Mukasowa mitundu imeneyi, oyera onse alibe vuto.

Sabata yoyamba mumayatsa imodzi, yachiwiri ziwiri, motero mpaka zonse. Yapinki ndi ya Lamulungu lachitatu, lotchedwa Gaudete, tsiku limene Mpingo umatikumbutsa mawu a Paulo pa Afilipi 4:4-5 akuti tikondwere chifukwa Ambuye ali pafupi. Kandulo yoyambayo imapsa masabata onse anayi, choncho gulani zazitali, apo ayi sungani yapadera.

Chenjezo: masamba akauma ndi hita amagwira moto msanga. Musasiye kandulo ikuyaka m'chipinda mopanda munthu, musaiike pafupi ndi makatani. Ngati mukuchita lendi chipinda kapena mukukhala ku hositelo, onani pangano lanu, ambiri amaletsa moto wa kandulo. Zikatero gulani makandulo a mabatire. Pemphero silichepa mphamvu chifukwa cha batire.

4. Werengani Mawu, makamaka m'chinenero chanu

Amene amayembekeza kumva za khanda m'khola pa Lamulungu loyamba amadabwa. Uthenga wa tsikulo umanena za kutha kwa nthawi ndi kukhala maso. Chifukwa chake n'chakuti Adiventi ili ndi zigawo ziwiri. Kuyambira poyamba mpaka pa 16 Disembala, maso amakhala pa kubweranso kwa Ambuye. Kuyambira pa 17 mpaka pa 24 m'pamene timatembenukira ku Betelehemu. Lamulungu lachiwiri ndi lachitatu ndi a Yohane Mbatizi, lachinayi ndi la Maria ndi Yosefe. Mudzaonanso kuti wansembe wavala zapepo ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu siyimbidwa pa Misa za Lamulungu. Imasungidwira usiku wa Khirisimasi.

Kunyumba sankhani njira imodzi. Yosavuta ndi ya Luka: bukuli lili ndi mitu 24, ndiye mutu umodzi patsiku kuyambira pa 1 Disembala, mudzafika pa Khirisimasi mutayenda ndi Yesu kuchokera m'khola mpaka kumanda apululu. Ena amakonda kutenga mawerengo a Misa ya tsikulo. Kwa otopa kwambiri, ndime zochepa za Yesaya, mitu 2, 9, 11, 35 ndi 40, zikhoza kukutengerani nyengo yonse mukamazibwereza. Werengani mokweza, m'Chichewa ngati mungathe, kaya ndi Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, onse amapezeka pa foni. Chingerezi timachimva, koma chimakonda kuthera m'mutu.

Ndime imene ndimapatsa aliyense wodandaula kuti sakumva kalikonse ndi Yakobo 5:7-8. Akuti taonani mlimi, amadikira zipatso za m'munda mwake moleza mtima mpaka mvula yoyamba ndi yomaliza itagwa. Ife amene tinakulira kumunda tikudziwa kuti mlimi wodikira mvula sakhala pakhonde. Amasosa, amagalauza, amaunga mizere dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Sachita zimenezi chifukwa chosangalala ayi. Amachita chifukwa akudziwa kuti mvula ibwera, ndipo ikadzapeza munda wosakonza, chaka chapita. Chiyembekezo chachikhristu n'chotero. Paulo pa Aroma 8:24-25 akunena poyera kuti chimene ukuchiona kale suchiyembekezanso. Tsono kusamva kanthu mumtima sikutanthauza kuti Adiventi yanu yalephereka. Funso n'lakuti munda mwakonza kapena ayi.

Kuyambira pa 17 mpaka pa 23 Disembala, Mpingo uli ndi mapemphero asanu ndi awiri akalekale oimbidwa pa mapemphero a madzulo, lililonse loitana Khristu ndi dzina lake: Nzeru, Ambuye, Muzu wa Yese, Kiyi wa Davide, M'bandakucha, Mfumu ya mitundu yonse, Emanuele. Tengani dzina limodzi patsiku, muitane nalo poyatsa makandulo, mumalize ndi mawu akuti "bwerani, musachedwe". La M'bandakucha limagwa pa 21, nthawi imene usiku umatalikitsitsa kuno.

5. Konzani zimene zinakhota pakati pa inu ndi anthu

Apa m'pamene malangizo ambiri amalumpha, chifukwa kuyatsa kandulo n'kokoma pomwe kuimba foni ina n'kowawa. Koma taonani zimene Yohane Mbatizi anayankha anthu atamufunsa kuti tichite chiyani tsono, pa Luka 3:10-14. Sanawauze kuti awonjezere nyimbo. Wa malaya awiri apatseko wopanda, wokhometsa msonkho asalandire zopitirira, msilikali asalande za anthu ndipo akhutire ndi malipiro ake. Zonsezo ndi nkhani za ndalama, katundu ndi anthu. Yesu mwiniwake pa Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli kuguwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo, uyambe wakayanjana naye.

Ife okhala kunja milandu yotere tili nayo yambiri, ndipo mtunda umatithandiza kuibisa. Kungosiya kuyankha mauthenga, nkhani yatha. Chitani motere.

Sabata yoyamba, tengani pepala, mukhale panokha, mulembe mayina m'magulu atatu: amene muli nawo ngongole, amene munawalakwira, amene anakulakwirani. Gulu lachitatu limadzaza msanga ndipo mtima umafuna kuyambira kumeneko. Lisiyeni kaye. Yambani ndi loyamba, chifukwa ndi limene lili ndi manambala ndipo silifuna kutanthauzira.

Za ngongole. Mnzanu amene anakubwerekani ndalama ya dipoziti ya nyumba mutangofika, gulu la chipereganyu limene munalandirako n'kuleka kusonkha, mlamu wanu amene anagulitsa mbuzi kuti tikiti ikwanire. Imbani foni, mutchule ndalamayo ndi nambala yake, mutchulenso tsiku. Mwachitsanzo: "Achimwene, mapaundi 300 anu aja sindinaiwale. Ndinachita manyazi n'chifukwa chake ndinakhala chete. Pa 20 Disembala ndikutumizirani 100, zotsalazo kumapeto kwa Januwale ndi kwa Febuluwale." Musalonjeze zonse pakamodzi ngati mulibe, chifukwa lonjezo lachiwiri likasweka limapweteka kuposa ngongoleyo. Ndipo gawo loyambalo lituluke Khirisimasi isanafike, ngakhale zitatanthauza kuti mphatso za chaka chino zichepa. Kugulira ana anu foni yatsopano ndi ndalama imene mwiniwake akuidikira si chikondwerero chimene Yohane ankalalikira.

Za amene munawalakwira. Imbani, amve mawu anu. Uthenga wolemba sukwana, ndipo vesi yotumiza pa gulu la banja ndi chithunzi cha kandulo si kupepesa. Sankhani nthawi bwino. Nyengo ino kwathu ali patsogolo ndi maola awiri, ndipo m'mawa ambiri amakhala ali kumunda, choncho madzulo akumeneko ndiye nthawi yabwino. Ngati mukudziwa kuti alibe bandulo, muwagulire kaye kuti nkhani isadukire pakati.

Popepesa pewani mawu awiri. Oyamba ndi "ngati". Kunena kuti "ngati ndinakulakwirani mundikhululukire" ndi kumuuza munthu kuti inu simukuona cholakwa, vuto ndi mtima wake. Achiwiri ndi "koma". "Pepani, koma nanunso munayankhula udyo" ndi kutsegulanso mlandu. Tchulani chimene munachita ndi dzina lake: "Achemwali, pa maliro a mayi ndinakunenani pagulu kuti munadya ndalama za chipepeso. Ndinalibe umboni, ndinakuchotsani ulemu. Pepani." Mukatero khalani chete. Mbali yovuta kwambiri ndi imeneyi. Munthu amene wasunga chakukhosi zaka zambiri amafuna ayankhule, ndipo zina zimene adzanene zidzakhala zowonjezera. Musawongole chilichonse tsiku limenelo. Mvetserani mpaka amalize.

Pali nkhani zina zimene mwana sayamba yekha. Ngati munayambana ndi bambo anu, apongozi kapena akuluakulu ena, dzerani kwa amalume, azakhali kapena munthu amene iwo amamulemekeza, akakonze njira. Za m'banja zili ndi ankhoswe ake, ndipo kukhala ku Leeds sikuwachotsa udindo, foni ilipo. Chinanso, musatumize ndalama m'malo mwa mawu. Ambirife timaganiza kuti Mpamba kapena Airtel Money ikalira, wolandirayo amva yekha kuti tapepesa. Ndalamayo adzalandira, chifukwa nthawi ino ndi yovuta, koma chakukhosi chidzatsala. Mawu atsogole, kamphatso kabwere pambuyo.

Tsopano gulu lachitatu. Nkhani yodziwika ndi ya nyumba: munthu watumiza ndalama zaka zingapo, zithunzi zikubwera, atapita kukaona n'kupeza khoma lalekera pawindo, mwinanso puloti ili m'dzina la wina. Izi zimapweteka, ndipo sindikuuzani kuti muiwale. Kukhululuka ndi kusiya kufunira munthuyo zoipa, kusiya kumuipitsa kwa aliyense amene mwakumana naye, ndi kuyamba kumutchula m'pemphero ngakhale mano ali olumana. Sikutanthauza kuti muyambirenso kumutumizira ndalama za simenti. Mukhoza kumukhululukira ndi mtima wonse n'kupereka ntchitoyo kwa wina, mapepala n'kukhala m'dzina lanu. Anthu ambiri amakanika kukhululuka chifukwa anauzidwa kuti kukhululuka ndi kubwerera pomwe paja.

Ndinene motsindika pa za nkhanza. Ngati munachoka panyumba chifukwa chomenyedwa kapena kuopsezedwa, wina asakuuzeni kuti poti ndi nyengo ya chiyanjano mubwerere. Mfundo iyi sikukutumani kwa munthu amene angakuvulazeni. Moyo ukakhala pachiswe, nambala ya apolisi ndi ambulansi ndi 999.

Nanga akakana? Zimachitika. Ena amadula foni, ena amati "zamveka" mozizira. Paulo pa Aroma 12:18 akuti khalani mwamtendere ndi anthu onse monga momwe mungathere kumbali yanu. Mbali yanu mwachita. Musaumirize, musatumize anthu asanu kuti akamukakamize. Dikirani miyezi ingapo, mudzapereke moni. Ngati amene munamulakwira anamwalira, ngongole ya ndalama ipite kwa ana ake kapena mkazi wake, ndipo Akatolika mukhoza kumuperekera Misa.

Musadikire pa 24. Foni ya tsiku limenelo imamveka ngati moni wa Khirisimasi, ndipo munthu sakhala ndi mpata wosinkhasinkha. Dziikireni malire akuti pofika Lamulungu lachitatu mukhale mutaimba. Mayina akachuluka, tengani awiri okha chaka chino, koma limodzi likhale lija mukulizemba.

6. Pitani kukalapa

Mukachita za pa nambala 5, kulapa kumakhala ndi nkhani yeniyeni. Maparishi ambiri kuno amakhala ndi nthawi ya kulapa Loweruka, ndipo chapakati pa Disembala amakonza mwambo wapadera pomwe ansembe angapo amabwera pamodzi. Nthawi zake zimalembedwa pa kapepala ka zolengeza kamene amagawa pakhomo la tchalitchi. Sabata yomaliza mizere imatalika, pitani msanga.

Ambiri amazengereza chifukwa cha Chingerezi. Wansembe sakuyesani mayeso. Muuzeni poyamba kuti Chingerezi si chinenero chanu, nenani machimowo m'mawu osavuta, pemphero la kulapa mulinene m'Chichewa monga munaphunzirira ku katekisimu. Ngati mukuopa kuiwala, lembani pa kapepala, mukang'ambe mukatuluka. Ngati papita zaka zambiri, nenani chomwecho, adzakuthandizani. A mipingo imene ilibe sakramentili, pezani abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, mukambe naye musanafike pa Mgonero wa Khirisimasi. Tchimo limene wangoliuza Mulungu mumtima nthawi zina limafunanso khutu la munthu.

7. Gwirani chikwama

Adiventi imayamba patangopita masiku ochepa kuchokera pa Black Friday, tsiku limene mashopu amatsitsa mitengo kuti anthu agule mosaganiza, ndipo kulikonse amakunyengererani kuti tengani lero mudzalipira pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo bilu ya gasi ndi magetsi yakwera, kumudzi nakonso mafoni akulira. Lembani ndalama zimene mungathe kuwononga Disembala asanayambe, muzigawe, muuze a kumudzi zoona zake. "Chaka chino ndikwanitsa zakutizakuti" ndi mawu aulemu kuposa kuzimitsa foni.

Maganizo anga pa zotumiza kwathu ndi awa: mpunga, nkhuku ndi Fanta za tsiku limodzi zili bwino, koma Disembala ndi mwezi wa feteleza wobereketsa, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira. Funsani amene ali kumeneko chimene chikufunika kwenikweni.

Za malaya awiri zija, kuno zitengeni monga zalembedwera. Pali Amalawi ndi anthu ena amene afika mu Seputembala ndi kajekete kopepuka, ndipo sanganene kuti akuzizidwa. Tsegulani wadiropu. Mipingo yambiri imasonkhanitsanso zakudya za food bank, malo amene osowa amakalandirako chakudya kwaulere, ndipo m'maparishi a Katolika gulu la St Vincent de Paul limayendera osowa. Ngati ndinu amene mwasowa, pitani mukalandire. Si ulesi.

8. Siyanitsani kuuma kwa mzimu ndi matenda

Pali kulemedwa kwina kumene si nkhani ya pemphero. Kuchepa kwa dzuwa kumadwalitsa anthu ena: tulo tosatha, kusafuna kuonana ndi anthu, kukhumudwa tsiku ndi tsiku popanda chifukwa chooneka. Madokotala kuno amakudziwa, amakutcha SAD. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza kuti nyengo yozizira anthu azimwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, ndipo ife akhungu lakuda tiganizire zomwa chaka chonse. Tulukani panja masana ngakhale kwa mphindi zochepa. Zikapitirira milungu ingapo, kaonaneni ndi GP, dokotala wa kudera kwanu. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, imbani 116 123, a Samaritans amayankha usana ndi usiku kwaulere. Wokuuzani kuti Mkhristu weniweni savutika maganizo sanawerenge Masalimo.

Amene munataya wachibale chaka chino, makamaka ngati simunathe kupita kumaliro, Khirisimasi yoyamba imalemera. Mutchuleni dzina poyatsa kandulo. Ndipo inu amene muli ndi banja pano, yang'anani m'tchalitchi amene amakhala yekha kumbuyo, mumuitanire nsima. Muitaneni msanga, asafike pa 25 akuganiza kuti adya yekha.

9. Ana

Ana obadwira kapena kukulira kuno amamva za Father Christmas kuyambira Novembala. Kulimbana nazo n'kutaya nthawi, apatseni ntchito m'malo mwake. Wamng'ono azizimitsa makandulo, wamkulu aziwerenga ndime, wina azitchula mayina a agogo ndi abale owapempherera. Aphunzitseni nyimbo imodzi ya Khirisimasi ya kwathu, agogo akaimve pa foni.

Akabwera kuchokera kusukulu ndi lalanje lobayidwa timitengo, musadabwe. Chimenecho ndi Christingle. Lalanje likuimira dziko, riboni yofiira ndi magazi a Khristu, timitengo tinayi ta maswiti ndi zipatso za nyengo zinayi za chaka, kandulo ndi Yesu kuwala kwa dziko. Mwambowu unayamba mu mpingo wa Moravian ku Germany mu 1747, ndipo bungwe la The Children's Society linaufalitsa mu Church of England kuyambira 1968. Mukaitanidwa ku carol service, pitani. Ndi mapemphero a nyimbo za Khirisimasi zosinthana ndi mawerengo a m'Baibulo, ndipo ndi nthawi imene ngakhale aneba osapemphera amalowa m'tchalitchi. Yotchuka ndi ya ku King's College ku Cambridge, imene inayamba mu 1918 ndipo BBC imaiulutsa pa wailesi pa 24 Disembala nthawi ya 3 koloko masana.

Khola la Khirisimasi, mwambo umene Fransisko Woyera wa ku Assisi anautchukitsa ku Greccio mu 1223, mukhoza kuliika sabata yachitatu kapena yachinayi. Modyera ng'ombemo musiye mopanda khanda mpaka usiku wa pa 24. Ana amafunsa chifukwa chake, ndipo funso limenelo ndi katekisimu wokwanira.

10. Pa 24 ndi masiku otsatira

Funsiranitu nthawi ya Misa ya usiku. Dzina lake ndi ya pakati pa usiku, koma maparishi ambiri amaichita cha m'ma 8 kapena 10 koloko, ndipo tchalitchi chimadzaza, fikani msanga. Mashopu amatseka msanga pa 24 ndipo akuluakulu onse satsegula pa 25, tsono ufa, nkhuku ndi mankhwala mugule pa 22 kapena pa 23. Kwathu imbani madzulo a pa 24 kapena m'mawa wa pa 25 asanapite kutchalitchi, masana netiweki imadzaza.

Amene rota yakugwirani pa 25, pitani ku Misa ya madzulo a pa 24, imakwanira. Chakudya cha banja mukhoza kuchisunthira pa 26 kapena tsiku lina lililonse la sabata imeneyo popanda kudziimba mlandu, chifukwa pa kalendala ya Mpingo nyengo ya Khirisimasi imayamba pa 25, n'kudutsa chikondwerero cha anzeru a kum'mawa cha pa 6 Januwale, mpaka pa Ubatizo wa Ambuye. Aneba akamataya mitengo yawo pa 27, khola lanu lisiyeni pomwepo. Ndipo gawo lachiwiri la ngongole ija, la kumapeto kwa Januwale, liikeni pa alamu ya foni lero lomwe.